Masewero Omaliza a Tuntufye

Mpira utafika m'manja mwa Tuntufye, amayi ake sanatsinzine. Zaka zonse zimene mwana wawo ankasewera ragibe, akuthamanga cham'mphepete mwa bwalo, iwo ankabisa nkhope iye akangougwira. Koma awa anali masewero ake omaliza, poti bondo linali litakana.

Analiyatsa liwiro. Zimphona ziwiri zinamugwetsa asanafike pamzere wogoletsera, ndipo anatsetsereka m'matope mpaka pafupi ndi pomwe amayi akewo anaima, akadali m'yunifolomu ya kuchipatala.

Anadzutsa mutu akumwetulira, mlomo ukuchucha magazi.

"Mwaona, amayi?" anafunsa m'Chichewa chake chopindika cha mwana wokulira kunja, ku Leicester.

Dzanja lawo linali kale m'thumba, litagwira kansalu komupukutira. Analisiya momwemo.

"Ndaona, mwanawe. Dzuka, anzako akukudikira."