Denga Lopanda Mizati la ku Mlonyeni

Panali mmisiri wina womanga nyumba ku Mlonyeni, dzina lawo a Fletcher. Akuti izi zinachitika cha m'ma 2004. Mpingo wawo unkamanga tchalitchi, ndipo unkafuna denga la konkire lopanda mizati pakati, kuti aliyense aziona kuguwa.

Pulani anajambula ndi Benedicta, mwana wa mumpingo momwemo, injiniya wogwira ntchito ku Lilongwe. Atabwera nayo kwa a Fletcher, ananyowetsa chiguduli n'kuchimangirira kumitengo m'ngodya zonse zinayi. Pakati pake panalendewera.

"Mwaona mmene chapindikira, bambo? Mukachitembenuza, ndi mmene dengali liyenera kukhalira. Kompyuta yawerengera zomwezi mosamala. Konkire wake ndi wopyapyala, mphamvu yake ili m'kupindikako. Chonde musasinthe."

A Fletcher anavomera. Koma matabwa othirapo konkire atakhomedwa, odutsa m'njira ankaseka kuti tchalitchi chikuoneka ngati chulu. A Fletcher zinawawawa, poti dzina lawo linkamveka mpaka ku Chipata. Analamula kuti pakati patsitsidwe.

Mlamu wawo, a Lonjezo, amene ankagwira nawo ntchito, anati, "Alamu, bwanji timuimbire kaye mwana uja?"

"Ine ndinayamba kumanga iye asanabadwe. Tingowonjezera simenti."

Anathira konkire wokhuthala. Atauma, anayamba kuchotsa mitengo yochirikiza, a Lonjezo ali mkati. Kunamveka kuthetheka, fumbi linayamba kugwa, kenako pakati ponse panatsika. Anawatulutsa amoyo, koma mwendo wakumanja unakadulidwa kuchipatala.

Benedicta atafika anayeza zotsalazo, ndipo sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiuza kuti dengali silikukusangalatsani, ndikanabwerera pa kompyuta kukafuna kapindidwe kena kotsikirapo koma kolimba. Zinali zotheka, bambo."

A Fletcher anakhala pa mulu wa njerwa. Kuyambira pamenepo sanamangenso nyumba ya munthu. Dzinja lililonse amayamba alima munda wa a Lonjezo, wawo umabwera pambuyo.

Phunziro: Ngati malangizo sakukukomerani, bwererani kwa amene anakupatsani mukafunse, musasinthe mwakachetechete. Nthawi zambiri wovulala si amene anakana kumva, koma amene anali pafupi naye. Tumizirani abale anu, makamaka amene ali pa ntchito yomanga.