Zithunzi za mtedza zimene a Benedicto anaponya m'chimbudzi

Panali bambo wina ku Mkanda, a Benedicto, amene anamutayitsa mwana wawo chaka chathunthu cha sukulu ndi dzanja lawo lomwe. Iwo eni sakana. Anena okha kuti nkhaniyi ifale, ndipo dzina lawo lisabisidwe.

A Benedicto anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya. Patatha zaka 19 m'pamene anapeza munda wawowawo, maekala awiri. Munda umenewo sankafuna kuti munthu auloze ngakhale ndi chala.

Mwana wawo Luwiza anasankhidwa kupita ku yunivesite, kusukulu ya zamakompyuta. Bambowo ankangoti akukaphunzira kutayipa makalata a kuboma.

"Ayi ababa," anatero Luwiza. "Kuli madigiri osiyanasiyana. Ena amalemba mapulogalamu, ena amalumikiza netiweki, ena amatchinga mbava za pa intaneti. Ine ndikuphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu pa chithunzi."

"Kompyutayo ili ndi maso?"

"Ndikuipatsa ndine."

Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku, apo ayi digiri palibe. Luwiza anasankha kadukutu, matenda aja opinimbiritsa mtedza. Ankafuna kuti mlimi akajambula tsamba, foni izimuuza msanga ngati mtedza wagwidwa. Koma kuti kompyuta iphunzire, pamafunika zithunzi zambirimbiri. Dzinja lonse mtsikanayo ankapalasa njinga, minda ya Mkanda mpaka Chiosya. Netiweki kumudziko ndi yovuta, ndiye zithunzi zonse zinali m'memore khadi ya foni, kudikira tsiku lobwerera kusukulu.

Tsiku lina pamsika, venda wina wogula mtedza, amene palibe ankadziwa kwawo, anawakokera a Benedicto pambali.

"Madala, mtsikana wojambula minda uja ndi wanu? Chithunzi chilichonse chimalemba malo amene pali munda. Kwathu anayamba choncho, lero pali esiteti. Mubwerera ku utenanti inu."

Atafika kunyumba anamufunsa Luwiza: "Iwe, n'zoona zithunzizo zimalemba malo?"

"Eya, kuti tidziwe komwe matenda afala..."

Zotsalazo sanamve, anali atatuluka kale. Akazi awo, mayi Anasi, anawatsatira.

"Abambo ake a Luwiza, kafunseni kaye alangizi."

"Alangiziwo ndi amene anandipatsa munda?"

M'mawa mwake Luwiza ali kumjigo, a Benedicto anatsegula foni ija, anatulutsa kakhadi kaja n'kukakaponya m'chimbudzi. Zithunzi 3,400. Nthawi imeneyo anthu anali atayamba kukumba mtedza, masamba atauma. Kunalibenso chojambula mpaka dzinja lina.

"Ndateteza munda," anatero mwanayo atawafunsa.

Luwiza sanalire. Anawayang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwataya chaka, ababa, koma mutu wangawu simunauponye m'chimbudzi. Mvula ikagwa ndiyambiranso. Ndipo ndiyambira m'munda mwanu momwemo."

Anzake anavala magauni, iye ali pakhomo kusenda chimanga. Kusukulu anamulola kubwereza. M'mudzi anayamba kumutchula kuti Digiri ya Masamba. A Benedicto anakhala miyezi osamulankhula, akudikira anthu oyeza minda kuti aonetse kuti venda uja ananena zoona. Alimi ena aja anajambulidwa minda anapitiriza kulima. Woyeza sanabwere. Venda uja sanaonekenso. Munda unali pomwepo, maekala awiri omwe aja. Chimene chinatayika pakhomopo anataya ndi iwo eni.

Mu Januwale, mvula ikuwaza, anamupeza Luwiza atagwada pamzere wa mtedza wawo, foni ataiphimba ndi pepala la shuga, akujambula tsamba limodzilimodzi. Pamsewu panaima azibambo atatu ndi njinga zawo.

"Digiri ya Masamba ija sinathebe?" anakuwa mmodzi. "Ba Benedicto, mukwatitseni uyu, atha nayo minda!"

Luwiza sanatembenuke. "Mtedza wanu ukadzapinimbira mudzandifuna," anayankha akujambulabe.

A Benedicto anapita kunyumba, anatenga ambulera ya mayi Anasi, n'kudzaima pamzere pomwepo, ataphimba mwana wawo ndi foni yake, iwo akunyowa. Kenako analankhula mokweza kuti a pamsewu aja amve bwino.

"Sinathe chifukwa cha ine. Mukafuna woseka, sekani ine. Luwiza mwana wanga, ndinamvera munthu wosamudziwa, ndinakana kukumvera iwe amene ndinakubala. Ndinakubera chaka. Ndalakwa, undikhululukire."

Phunziro: Mwana akamaphunzira zinthu zimene inu simukuzidziwa, mufunseni mpaka amalize kuyankha, musathamangire mawu a munthu wodutsa. Ndipo mukalakwira mwana, pepesani pakamwa, anthu akumva. Ofuna kuseka asekebe. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene lili ndi mwana kusukulu, makamaka azibambo anzanga ouma mitu.