Makina Osokera a Agogo

Pali chinthu chimodzi chimene Kamanyazi anali asanauzepo munthu. Mapiritsi a chimfine amene agogo ake aamuna, atelala, ankamwa tsiku lililonse, ankawagula ndi iyeyo. Fumbi la nsalu linkawayetsemulitsa, ndipo anamulumbiritsa kuti asaulule.

Tsopano amalume ake anali kumasula makina osokera kuti akagulitse.

"Mutu unapita uwu, achemwali," anatero amalume. "Dzulo asokera thumba kumsana kwa malaya. Mwiniwake azipisamo bwanji dzanja?"

Amayi anaseka, kenako n'kupukuta maso.

Agogo ankangowodzera pampando dzuwa lili pamutu, tepi ili m'khosi. Atadzidzimuka, anamuyang'ana Kamanyazi ngati mlendo.

Komatu Kamanyazi anakumbukira kuti sabata ina mapiritsi atasowa kugolosale, agogowa anadula diresi osaphonya, n'kumuitana ndi dzina lake lenileni. Anaziona ndi iye yekha.

Amalume anasenza makina, nafika pakhomo.

"Amalume, tatulani kaye," anatero Kamanyazi. "Agogo amamwa mankhwala mobisa, mwina ndi amene akuwasokoneza. Tikawaonetse kuchipatala. Ndimawagulira ndine."