Chitsulo Chimene Elifasi Anawotcheretsa Pansi pa Galimoto

Panali munthu wina dzina lake Elifasi, wa m'mudzi wina kuseri kwa Nsaru. Amene anasimba nkhaniyi akuti inachitikadi.

Elifasi anali ndi Land Cruiser yakale imene inkathandiza mudzi wonse. Inkanyamula mabelo a fodya, odwala, ngakhalenso amayi a Chigwirizano popita ku misonkhano. Vuto lake linali limodzi: ikafika pokhota inkapendekeka kumbuyo, mpaka amayi aja ankakuwa kuti, "Mutitaya, bambo a Nancy!"

Anapita nayo kwa a Jameson, makaniko wachikulire wa pa Nsaru. A Jameson analowa pansi n'kugwedeza chitsulo chopingasa chimene chimagwira mbali ziwiri zakumbuyo kuti galimoto isamapendekeke. Amakaniko amachitcha sitabilaiza.

"Chitsulochi chilibe vuto," anatero a Jameson. "Atha ndi mabushi, timalabala tochigwirati. Tiyitanitse atsopano ku tauni, mudikire sabata imodzi."

"Bwanji osangoikapo chitsulo chachikulu kuti nkhani ithe?"

"Pa msewu wa tala chitsulo chachikulu chimathandiza, sindikana. Koma inu mumayenda m'zigwembe, eti? Kumeneko tayala lililonse limafuna kutsika palokha kuti ligwire pansi. Mukalimbitsa kwambiri, lina lidzalendewera m'mwamba."

Tisamuweruze msanga Elifasi. Mantha ake anali oona, chifukwa munthu wonyamula anthu khumi kumbuyo safuna kumva galimoto ikugonera kumodzi. Kungoti anali atamva mbali ziwiri, koma anasunga imodzi.

Mwezi wa Julaye, atakasiya fodya ku Lilongwe, anakumana ndi wowotcherera zitsulo wina amene sankamudziwa.

"Akulu, amakaniko akumudzi ndi amantha," anatero munthuyo. "Ndili ndi chitsulo cha lole pano. Galimoto yanu iziyenda chilili ngati basi."

Mabowo a mabawuti sanagwirizane ndi a galimoto ya Elifasi, choncho munthuyo anangochiwotcherera mbali zonse.

"Nanga ndikadzafuna kuchotsa?" anafunsa Elifasi.

"Chinthu chabwino muchotserenji?"

Kunena zoona, chilimwe chonse galimoto inayenda bwino. Amayi a Chigwirizano anasiya kukuwa, n'kumangoimba njira yonse.

Kenako kunabwera mvula. Mkazi wa Elifasi, Esnart, anali woyembekezera. Anamwino anali atamuuza kuti akachirire ku chipatala cha ku Namitete, popeza mwana wake woyamba, Nancy, anabadwa pa opaleshoni. Anakonza zokadikirira kumeneko sabata yotsatira, koma matenda anayamba Lachitatu cha m'ma 11 koloko m'mawa, mvula itangokata.

Elifasi anagoneka mkazi wake pa matiresi kumbuyo. Mchemwali wa Esnart, a Martha, anakhala pambali atamugwira dzanja.

Atayenda pang'ono anafika pa chigwembe chimene madzi anakumba chopingasa msewu. Elifasi anali atawolokapo zaka zambiri, ndiye analowa pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Tayala lakutsogolo linatsikira m'matope. Lakumbuyo, m'malo motsatira nthaka, linanyamuka n'kuyamba kuzungulira m'malere. Anaika giya yokoka matayala onse, koma lakutsogolo lija linkangomwaza matope.

"Alamu, chatani?" anafunsa a Martha.

"Tituluka pompano."

Anaika miyala, miyala inathawa. Anaika jeke, jeke inamira. Kumbuyo Esnart anali atasiya kubuula, akungoluma chitenje.

"Alamu, akutaya magazi. Mukumva? Magazi!"

Elifasi anaimbira foni a Jameson n'kufotokoza zonse.

"Musaope," anatero a Jameson. "Sipanala muli nayo? Masulani mabawuti awiri a chitsulo chija mbali imodzi. Tayala litsika lokha."

Elifasi anasuzumira pansi pa galimoto n'kuyang'ana pamene anawotcherera paja.

"Halo? Bambo a Nancy?"

"Palibe mabawuti, a Jameson. Ndinasintha chitsulo. Anawotcherera."

A Jameson sanamudzudzule. Anangoti, "Ndikubwera ndi sowo. Koma musandidikire. Pezani china chilichonse chonyamulira mayiwo."

Pa njinga yamoto Esnart sakanatha kukhala. Elifasi anathamangira m'mudzi wapafupi, ndipo mlimi wina anamanga ng'ombe zake pa ngolo. Anamunyamula Esnart pa matiresi pomwepo, a Martha atamufunditsa pepala la pulasitiki. Ngolo inayenda maola awiri kuti ikafike pamene anapeza galimoto ina. Elifasi anatsala ndi galimoto yake kudikira a Jameson.

A Jameson anafika matope okhaokha. Anagona pansi n'kucheka chitsulo chija kwa nthawi yaitali, chifukwa chinali chonenepa. Chitangoduka, tayala linagunda pansi. Elifasi analiza injini, ndipo galimoto inatuluka ulendo umodzi wokha.

Anafika ku Namitete cha m'ma 5 koloko madzulo. A Martha anamuchingamira pakhomo la wodi.

"Mayi a Nancy ali moyo. Madokotala ayesetsa, ndipo akuwaika magazi."

"Nanga mwana?"

A Martha anayang'ana pansi. "Anali wamwamuna. Sanalire."

Mwa mwambo wa kumeneko, mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira maliro. M'mawa mwake amayi anayi anapita naye kumanda. Elifasi anatsala pakhonde. Mpaka lero sadziwa pamene mwana wake anagona.

Phunziro: Kufuna kukonza chinthu si kulakwa, ndipo chimene chimathandiza pa tala chikhoza kukupweteketsani pa msewu wakwanu. Mverani munthu amene amadziwa njira zimene mumayendamo, ndipo musalole mlendo akuikireni chinthu chimene simungathe kuchotsa zinthu zikavuta. Tumizani nkhaniyi kwa madalaivala ndi eni magalimoto amene mukuwadziwa mvula isanayambe.