Kufunafuna Osamwa Mankhwala

"Takhala pansi, ukundichititsa chizungulire," anatero bambo ake ali pa sofa.

Mwana wawoyo, yemwe anali dokotala wa mabanja, sanawamve n'komwe. Ankangozungulira pabalaza, foni ili m'manja, mpaka inalira. Boma linali litavomera kupereka ndalama zoti afufuze chifukwa chimene odwala matenda othamanga magazi amasiyira kumwa mankhwala.

"Ndiye ukawapeza kuti anthu osamvawo, mwanawe?"

"Ndiyenda khomo ndi khomo, bambo, ngakhale nsapato zithe."

Anadziponya pambali pawo, foni n'kulowa pansi pa khushoni. Atapisa dzanja, anatulutsa mapiritsi odzaza chikhatho, omwe aja a matenda othamanga magazi amene ankawapatsa yekha bambo akewo m'mawa uliwonse.

Bambo ake anangokweza wailesi.