Zitini Zitatu za Nyemba

Lorraine Petrosky anadikira mpaka mzere wonse utatha. Kenako anasansa chipale chofewa pajekete lake n'kulowa m'kachipinda ka pansi pa laibulale, momwe yunivesite inkagawiramo chakudya kwa ophunzira ovutika. Anatola zitini zitatu za nyemba, botolo la chiponde ndi paketi ya makaroni, n'kuziika patebulo mwakachetechete.

"Chitupa, mayi," anatero a Wendell Haskins, bambo wachikulire amene ankayang'anira chipindacho.

"Ndachiiwala."

"Likafika Lachisanu aliyense amachiiwala."

Kale pamenepa sankafunsa chitupa. Koma miyezi iwiri m'mbuyomo ofufuza anatulukira kuti theka la ndalama za chakudyacho linagulira mipando yachikopa yokhalapo akuluakulu poonera mpira. Palibe mkulu ndi mmodzi yemwe amene anachotsedwa ntchito. Chimene chinabwera ndi kamakina kowerenga zitupa, ndipo tsopano chitini chilichonse chinkatuluka ndi dzina la wochitenga.

M'thumba mwa Lorraine munali madola anayi okha. Ndalama zimene ankayembekeza kuchokera ku ofesi ya yunivesite zinali zitachedwanso, ndipo atakafunsa anangouzidwa kuti wosainira ali kumsonkhano ku Florida. Mwana wake Tess, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anapita kusukulu m'mawawo atadya buledi wotsiriza. Lorraine mwiniyo chidyereni dzulo masana.

"Bambo Haskins, chonde. Ndili ndi mwana kunyumba. Mpaka Lolemba lokha basi."

"Mukufuna andipachike ine? Chitini chimodzi chikasowa, atseka chipinda chino. Ana mazana atatu amadya pano."

"Sindine mlendo ayi. Ndakhala pasukulu pano zaka zisanu ndi zinayi."

"Zisanu ndi zinayi!" A Haskins anaseka. "Digiri yake ndi yophika miyala kapena?"

Lorraine sanaseke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo chifukwa mashelefu anayamba kuzungulira. Mkulu uja anaona nsapato zong'ambika zitanyowa, kuseka kuja kunathera pakhosi. Anakoka mpando.

"Khalani pansi, mwana wanga. Akufufutani m'kaundula chifukwa cha fizi, eti? Si inu woyamba. Chaka chino chokha ndaona oposa makumi awiri. Amabwera choncho, maso pansi, ati chitupa ndaiwala."

Lorraine anakhala pampando paja.

A Haskins anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Tamverani. Makinawa ndi aulesi ngati eni ake. Nthawi zina amalandira ngakhale chitupa chotha ntchito. Ndipatseni chimene muli nachocho tiyese mwayi. Akakana, palibe amene adziwe."

"Akana."

"Mwalosera liti? Bweretsani."

Lorraine anayang'ana zitini zija. Anaganiza za Tess akutsegula firiji madzulo n'kuitsekanso osanena kanthu, monga anachitira dzana. Manyazi sadyetsa mwana. Anapisa dzanja m'chikwama, pakati pa mapepala ambirimbiri, natulutsa chitupacho atachitembenuza chafufumimba.

A Haskins anachidutsitsa pamakina. Kanyali kofiira kanayaka. Anachipukuta pamalaya n'kuyesanso. Kofiira. Anayesa kachitatu, pang'onopang'ono, akung'ung'udza ngati akunyengerera galimoto yokana kulira. Kofiira.

"Zachilendo," anatero. "Tsiku lake silinathe. Chitupachi n'chamoyo bwinobwino."

Anavala magalasi awo n'kuchitembenuza. Anawerenga kamodzi, anayang'ana Lorraine, anawerenganso. Kenako anaimirira n'kuvula chipewa.

"Pepani, Dokotala Petrosky," anatero. "Chakudyachi n'cha ophunzira okha. Aphunzitsi aganyu mulibemo m'lamuloli."

"Ndikudziwa," anatero Lorraine, akubweza zitini pashelefu chimodzichimodzi. "Mundipatseko madzi akumwa okha. Ophunzira anga zana limodzi akundidikira m'kalasi."