Khomo Limene Wojambula Anatsegula pa Rauta

Panali munthu wina, mayi wojambula zithunzi, amene anthu ankangomutchula kuti Mayi Tamwetulirani, chifukwa ndi mawu amene ankanena asanadine kamera. Zithunzi zonse za makasitomala zinkakhala mu kompyuta ya ku situdiyo kwake. Tsiku lina anagwa pa masitepe n'kuthyoka mwendo, ndipo adokotala anati akhale pakhomo mwezi wathunthu. Ntchito inaunjikana.

Anaimbira mlamu wake, amene amakonza za intaneti m'maofesi.

"Alamu, sindingathe kumalowa mu kompyuta ya ku situdiyo ndili pampando pano?"

"N'zotheka," anatero mlamuyo. "Adilesi ya intaneti yanu imasinthasintha, ndiye timaipatsa dzina lokhazikika, amati DDNS, kuti muziipeza nthawi zonse. Kenako timatsegula kakhomo kotchedwa poti pa rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja. Koma khomo limenelo silisankha wolowa. Dikirani Loweruka, ndidzaike ndi zotetezera zomwe."

Loweruka linamutalikira. Pa gulu lina la ojambula pafoni panali bambo wina waulemu, woyankha funso lililonse, ngakhale palibe amene ankamudziwa nkhope. Mayiyo atafunsa, bamboyo anati, "Zimenezo n'za mphindi khumi, mayi. Alamu anuwo akungofuna kuoneka ofunika."

Lachitatu mwamuna wake anamuperekeza ku situdiyo, mayiyo akuyenda ndi ndodo. Anachita zonse monga bambo uja ankamuuzira pafoni: analembetsa dzina, natsegula poti. Pomaliza bamboyo anati, "Nditumizireni dzinalo ndi pasiwedi, ndiyese ngati zikugwira." Anatumiza.

Zinagwiradi. Loweruka anauza mlamu wake kuti asavutike kubwera.

"Pasiwedi mwasintha?" anafunsa mlamuyo.

"Ndisintha," anayankha. Sanasinthe.

Patapita masiku khumi, m'mawa wina akukonza zithunzi za ku situdiyo kudzera pa laputopu kunyumba, anaona kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha. Mafayilo ankazimiririka, iye akuyang'ana. Mwamuna wake anathamangira ku situdiyo kukazula chingwe, koma anafika madzi atatayika kale. Bambo waulemu uja anali atachoka pa gulu, nambala yake yosapezekanso.

Mlamu anabwera, ndipo sanamudzudzule. Anatseka khomo lija, nalimbana ndi kompyutayo masiku awiri, koma anapulumutsa zochepa chabe. Makadi a mu kamera anali atafufutidwa kalekale.

Kenako kunyumba kunabwera mtsikana wina amene mayiyo anamujambula pa ukwati mwezi wapitawo.

"Sindinabwerere zonse," anatero mtsikanayo. "Bambo anga tinawaika m'manda sabata yatha. Ndikungofuna chimodzi chija tikuvina awiri."

Mayi Tamwetulirani anachikumbukira bwino chithunzicho, poti anachikonza yekha. Anaganiza zonamizira makina, koma mtima unakana.

"Mchemwali, chithunzicho palibe. Ndinapatsa kiyi munthu wosamudziwa chifukwa cholephera kudikira masiku atatu."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kenako anati, "Tsiku lija ine misozi inali yodzaza m'maso, sindinawaone bwino. Inu munawaona. Tandiuzani mmene ankaonekera."

Mayiyo anayamba kufotokoza: tayi yopendekeka, dzanja lawo paphewa la mwana wawo, ndi maso amene sanayang'ane kamera ngakhale kamodzi.

Phunziro: Khomo limene mwatsegula pa rauta limalowetsa inu, limalowetsanso mbala. Musapereke pasiwedi kwa munthu wosamudziwa, ngakhale akhale waulemu chotani, ndipo zimene anzanu anakusungitsani muzisunge malo awiri. Tumizirani uthengawu aliyense amene amagwirira ntchito kunyumba.